Musabwerere pa OR Tambo musanaone Pretoria

Nthawi zambiri ndimalandira anzathu ochokera ku Malawi ndi ku Zambia pa bwalo la ndege la OR Tambo, kuno ku Kempton Park mu Ekurhuleni. Ulendo wawo umafanana: msonkhano, hotela, kugula katundu, kenako ndege yobwerera. Ndikawafunsa ngati anafika ku Pretoria, ambiri amati nthawi inawachepera. Ine ndikuti kumeneko n'kudzimana, pakuti mzindawu uli pamtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto, ndipo sitima ya Gautrain imafikako munthu akasinthira panjira.

Pretoria anakhazikitsidwa mu 1855 ndi Marthinus Pretorius, yemwe anautcha dzina la bambo ake, Andries Pretorius. Mu 1860 mzindawu unakhala likulu la dziko la Mabunu la Transvaal, ndipo kuyambira mu 1910 wakhala likulu loyendetsera boma la South Africa. Nyumba za boma za Union Buildings, zomwe mapulani ake anajambula Herbert Baker, zinatha kumangidwa mu 1913. Pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000 anaguba kukafika pamenepo kukana malamulo a mapasi, ndipo pa 10 Meyi 1994 Nelson Mandela analumbirira pomwepo kukhala mtsogoleri wa dziko. Lero chiboliboli chake cha mamita 9 chimayang'ana mzinda chitatambasula manja. Kumwera kwa mzinda, chipilala cha Voortrekker cha mu 1949 ndi malo achikumbutso a Freedom Park zili pa zitunda ziwiri zoyandikana, chilichonse chikusimba mbiri ya dziko limodzimodzilo m'njira yake. Mlendo wofuna kumvetsa South Africa akwere zitunda zonse ziwiri.

Komabe chimene chimakopa anthu ochuluka si miyala ayi, koma mtengo. Mu Okutobala misewu imasanduka yofiirira ndi maluwa a jakaranda, mitengo yomwe amaiwerengera kuti ilipo pafupifupi 70,000. Mtengowu si wa mu Africa. Kwawo ndi ku South America, ndipo iwiri yoyamba inabzalidwa ku Sunnyside mu 1888. Mu 2001 boma linauika m'gulu la zomera zachilendo zolowerera, ndipo linaletsa kuugulitsa ndi kubzala watsopano, chifukwa njere zake zopepuka zimauluka ndi mphepo n'kukamera m'mbali mwa mitsinje, komwe zimapanikiza zomera za komweko. Malamulo a mu 2014 anapatula mitengo ya m'mizinda, koma kunja kwa mizinda ya m'chigawo cha Gauteng jakaranda akadali mdani.

Alipo ena amene amati mitengo yonseyo ikadadulidwa kuti lamulo likhale limodzi. Sindigwirizana nawo. Mthunzi womwe watenga zaka zoposa 100 kuti ukule sungabwezeretsedwe m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo mtengo wozingidwa ndi phula suopseza chilengedwe ngati womera m'dambo. Alipo enanso amene amati poti ndi wokongola, aliyense aubzale komwe akufuna. Amenewa aiwala mawu a akuluakulu akuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa zambiri: namasupuni, yemwe nayenso kwawo ndi ku South America ndipo anafalitsidwa m'maiko chifukwa cha maluwa ake, wakhala akutseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina opangira magetsi. Damu la Hartbeespoort, kumadzulo kwa Pretoria, likulimbana ndi udzu womwewo.

Apa m'pamene ulendowu umakhudzira ntchito yathu. Tonsefe timadya chifukwa cha mbewu zoyenda. Chimanga chomwe timachitcha chathu chinachokera ku Mexico. Choncho funso si lakuti mbewu zisadutse malire, koma lakuti zidutse bwanji. Munthu akaimirira pansi pa jakaranda n'kuganizira kuti mitengo iwiri yokha ndiyo inatsegula njira, amayamba kuona mosiyana chilolezo cholowetsera mbewu ndi chikalata chotsimikiza kuti mbewuyo ilibe matenda, mapepala omwe ambirife timadandaula kuti amachedwetsa malonda. Kathumba ka njere kobisidwa m'chikwama pa Mwanza kapena pa Mwami kangathe kusiyira adzukulu athu vuto lomwe sadzalitha.

Ndiye mukadzabweranso, patulani tsiku limodzi. M'mawa mukayende m'munda wa Pretoria National Botanical Garden, wa mahekitala 76, momwe mulinso nkhokwe yaikulu ya zitsanzo za zomera zouma ya dziko lino. Masana mukwere ku Union Buildings. Ngati muli ndi galimoto, pitirirani kum'mawa cha ku Rayton mukaone makasu, mapulawo ndi ngolo zakale m'nyumba yosungira mbiri ya ulimi ya Willem Prinsloo. Jambulani jakaranda momwe mungafunire, koma njere zake muzisiye pansi pomwe zagwerapo.