Sikuti chifuwa chilichonse ndi TB

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwathu,

Pali vuto lina losowa kwambiri: munthu kupezeka ndi chotupa mumtima, china m'mapapo, nthawi imodzi. Cha mumtima, ngati chayambira mumtima momwemo, kawirikawiri chimakhala chija madokotala amati myxoma. Si khansa, koma chimatha kutseka njira ya magazi, kapena kachidutswa kake n'kukafika ku ubongo, munthu n'kufa ziwalo. Cha m'mapapo chikakhala khansa, madokotala amayenera kusankha: achotse zonse pa opaleshoni imodzi, kapena ayambe mtima, phapo pambuyo? Kuchotsa kamodzi kumathandiza kuti khansa isapeze nthawi yofalikira. Koma makina amene amapopa magazi mtima ukaimitsidwa amafuna mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiye kudula phapo magazi ali choncho si masewera.

Luso limeneli si ladzulo. Evarts Graham anachotsa phapo lakhansa ku America mu 1933, Clarence Crafoord anachotsa myxoma ku Sweden mu 1954. Kuno kwathu maopaleshoni oyamba otsegula mtima anachitika mu 2023 ku Blantyre Adventist Hospital, mothandizidwa ndi madokotala akunja.

Tinyadire ndithu. Komabe ine ndimati vuto lathu lili patsogolo pa mpeni wa dokotala. Munthu akatsokomola miyezi, akuwonda, akulavula magazi, mudzi wonse umagamula kuti ndi TB, ena n'kumanong'ona za kachilombo. Nayo khansa ya m'mapapo imabwera ndi zizindikiro zomwezo! Mankhwala a TB ndi a miyezi 6, ndipo ngati n'chotupa, miyezi yonseyo chikungokula. Chikafalikira, ngakhale boma litakutumizani ku India, kawirikawiri opaleshoni siithandizanso.

N'chifukwa chake tikamaphunzitsa za mapapo mu Biology tisamangojambulitsa ana chithunzi choti akakhoze MSCE. Ana amenewa ndi amene amaperekeza agogo awo kuchipatala, agogo oti asuta chingambwe kuyambira ali anyamata. Adziwe kuti makhololo akayezedwa TB osapezeka, kapena mankhwala akumwedwa bwino koma osasintha, abwerere akapemphe kalata yopita ku Zomba Central kukajambulitsa pachifuwa. Kupempha kotero si mwano.

Inu amene pano ndinu anamwino ndi ma clinical officer, mwana wasukulu akabwera ndi pempho limeneli musamuthamangitse. Tamutuma ndife.