Lekani kuthamangitsa dzanja la wojambula

Mawu amene apha luso lojambula m'dziko muno, kuposa kudula kwa inki ndi mapepala, ndi awa: "Ingotijambulirani msangamsanga, tikuzifuna mawa." Amawanena ndi akuluakulu a mabungwe, akonzi a magazini ndi osindikiza mabuku a sukulu. Wojambula akapempha sabata ina kuti akaonetsetse kaye chimene akujambulacho, amamunena kuti ndi wovuta, wamatama, wodzimva. Ine ndaima ndi wovutayo. Ndiye yekha m'gulu lonselo amene akulemekeza munthu amene adzayang'ane chithunzicho.

Yendani m'zipatala, m'masukulu ndi m'madoko a Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, muziyang'ana maposita a kolera, a likodzo ndi a nyengo yotseka nyanja. Onani bwato limene ajambulapo. Nthawi zambiri ndi lotakasuka kukamwa ngati beseni, msodzi ataimirira pakati penipeni, nkhafi atayigwira mwa njira imene palibe anapalasapo. Bwato lathu ndi losema ku thunthu limodzi, kukamwa kwake n'kopapatiza, m'mbali mwake mumapindikira mkati, ndipo wopalasa amakhala pamwamba pa milomo ya bwatolo, miyendo yokha ndiyo ili m'kati. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa ku Linga amadziwa zimenezi. Msodzi akaona bwato lonamalo amangopukusa mutu n'kupitiriza kusoka ukonde wake, ndipo uthenga wa kolera wathera pomwepo. Wosadziwa bwato angamuuze chiyani za madzi?

Pa boma pano pali mnyamata wina amene amadya za kulemba zikwangwani za mabala, matiyirumu ndi mometera tsitsi. Usiku amajambula nkhani za zithunzi m'makope a sukulu. Anandionetsa tsamba lina la mayi akuvundula kondowole. Pamene panali dzanja la mayiyo pepala linali litapyapyala ndi labala mpaka kubooka, ndipo anali atamatapo kapepala kena kunsi kwake kuti ajambulenso.

"Iwe, dzanja ili lalakwa chiyani?" ndinamufunsa.

"Bambo, likunama. Apa akuoneka ngati akutakasa phala. Kondowole savundula chonchi."

Anapita kukakhala kukhitchini kwa azakhali ake, kope pamwendo, utsi uli m'maso, mpaka anaona chimene chinkamusowa: mphika wauphula pamoto, mapazi aupana mbali zonse, manja onse awiri ali pamthiko, mapewa agwera kutsogolo, mitsempha ya pamkono yatukuka. Atajambulanso, unkachita kumva kulemera kwa nsimayo. Mnyamata yemweyu bungwe lina linamupatsa ganyu ya kabuku ka zithunzi, masiku atatu okha. Atapempha nthawi yoti akaone padoko mmene alovi amakokera chilimira, anamuuza kuti asawavutitse. Kabuku kanatuluka ndi zizindikiro za mabungwe zitandandalikana pachikuto, dzina lake palibe paliponse, ndipo mapepala amene anajambulapo sanawaonenso. Kumeneku n'kuba, ngakhale wakubayo atavala tayi.

Wina anena kuti ndikukuza nkhani ya tizithunzi ta ana. Ayang'ane mbiri ya Hergé, m'Belgium amene anajambula Tintin. Mu 1930 ndi 1931 anajambula nkhani ya Tintin ku Congo asanapondeko phazi, n'kungotola zimene azungu anzake ankanena za ife. Zotsatira zake ndi anthu akuda a milomo yonga matayala, opusa, ogwadira mzungu, zithunzi zimene zanyoza Afirika kwa zaka pafupifupi 100 ndipo zikugulitsidwabe. Mu 1934 munthu yemweyo, akukonzekera nkhani yochitikira ku China, anakumana ndi wophunzira wa ku China wotchedwa Zhang Chongren mu mzinda wa Brussels. Anakhala naye pansi, kumufunsa za misewu, zovala, zilembo za pazikwangwani ndi nkhanza za asilikali a Japan. Buku la The Blue Lotus limene linatuluka pamenepo ambiri amaliyesa chiyambi cha ukatswiri wake weniweni. Dzanja linali lomwelo, inki yomweyo. Anthu a ku China anawapatsa nthawi ndi maso. Anthu a ku Congo sanawayese oyenera kuwayang'ana. Pambuyo pake osindikiza a ku Britain atamutumizira zolakwika 131 zimene anazipeza m'buku la The Black Island, sanakwiye. Anatuma womuthandiza, Bob de Moor, kukajambula apolisi, sitima ndi nyumba za kumeneko, ndipo buku lonse analijambulanso, n'kutuluka mu 1966. Azungu akanamiziridwa yunifolomu ya wapolisi, buku limajambulidwanso lonse. Ife tikanamiziridwa bwato, amati tisavute. Choŵaŵa n'chakuti lero otinamizirawo ndi ife eni.

Sikuti Malawi analibe manja. Amene tinakula tikulimbirana Malawi News Loweruka tikukumbukira Pewani wa a Brian Hara, ndi Joza wa a Vic Kasinja. Tikukumbukira Chatsalira m'magazini ya Moni, ndipo pambuyo pake Amtchona a James Kazembe. Akale aja ankajambula pansi pa lamulo la 1968 lounika zofalitsa, nthawi imene chithunzi chimodzi chomveka molakwika chikanamutengera munthu kundende. Koma anatijambula ife monga tilili: kayendedwe ka kalaliki pakutha pa mwezi, kamangidwe ka duku, nsapato yakutha chidendene, diso la mlamu wobwera kudzapempha. Nyuzipepala ikafika kuno kunyanja itachedwa, ngakhale osadziwa kuwerenga ankaisuzumira, chifukwa nkhope zinkalankhula zokha. Zimenezo sizibwera mwangozi. Mzere umodzi woseketsa umatuluka m'zaka zambiri za kuyang'ana anthu pamsika, pa depoti ndi pamaliro.

Nanga mapepala enieni amene anthu amenewa anajambulapo ali kuti? Ndani anawasonkhanitsa kuti mwana wobadwa mu 2010 awaone? Dziko lili ndi malo osungira zakale ku Zomba ndi nyumba ya chikhalidwe pa Chichiri, koma Pewani timangomukumbukira pakamwa, pamowa. Vutoli si lathu lokha. Ku America a Jack Kirby, amene anajambula ngwazi zambiri za kampani ya Marvel, anachita kulimbana kwa zaka kuti awabwezere mapepala awo, ndipo mu 1987 analandira masamba pafupifupi 2,000 okha mwa masauzande ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anzawo ojambula ndi owerenga anadzuka n'kupanga phokoso. Kuno tili ndi COSOMA kuyambira 1992 ndi lamulo latsopano la umwini wa zaluso la 2016, limene limapatsa mlengi wa ntchito ufulu wotchulidwa dzina, koma nkhani za umwini timazikamba ngati ndi za oimba okha. Wojambula amangolandira envulopu n'kuthokoza.

Ndikudziwa yankho la ma ofesi: ntchito ili ndi tsiku lake, kolera sadikira pensulo. Zoona, nyuzipepala imatuluka m'mawa kaya wojambula wakhutira kaya ayi, ndipo pali ojambula ena amene kufunitsitsa kwawo kumawadya. Kentaro Miura wa ku Japan anayamba nkhani ya zithunzi ya Berserk mu 1989, nadzaza masamba ndi timizere tosawerengeka, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 54 nkhaniyo isanathe. Mtima wosakhutira ndi katundu wolemera, ndipo sindiufunira mwana wa munthu mopepuka. Koma changu cha mabungwe athu si cha kolera ayi. Amatha miyezi akukambirana uthenga m'mahotela a m'mbali mwa nyanja yomweyi, ndi ma alawansi, ndi chambo masana aliwonse, ndiye akatsala masiku atatu kuti ndalama za polojekiti zibwerere kwa eni ake, m'pamene amakumbukira kuti pafunika wojambula. Kuchedwa kwawo amakusenzetsa iye. Hergé atatopa, mu 1950 anatsegula situdiyo n'kulemba ntchito omuthandiza. Mankhwala a wojambula wosamala ndi malipiro ndi manja omuthandiza, osati kumuphunzitsa kusasamala.

Tsopano kwabwera china choipirapo. Wa mu ofesi amatsegula kompyuta, kutola chithunzi pa intaneti kapena kuuza makina kuti amujambulire "msodzi wa ku Afirika", n'kudzitama kuti wapulumutsa ndalama. Makinawo sanagonepo padoko. Sadziwa thandala loyanikapo usipa, sadziwa siginala ndi nyali zake, sadziwa mmene mwera umasinthira nkhope ya nyanja kuyambira mwezi wa Meyi. Amakupatsa munthu wosalala wopanda kwawo. Ana athu akakula akuona zithunzi zotere m'mabuku, amaphunzira mwakachetechete kuti kwawo si koyenera kujambulidwa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Palibe boma m'Malawi muno limene lili ndi nkhani zoyenera buku la zithunzi kuposa Nkhotakota. Kuno ndi kumene Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, anakhazika malonda a akapolo ndi minyanga m'zaka za m'ma 1840, anthu n'kumawolotsedwa nyanja pa zombo za matanga ulendo wa ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 anthu amakauonabe. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895, manda ake ali pa tchalitchi cha All Saints. Kuno ndi kumene chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu wa 1960. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinabwera pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kudzalowa m'nkhalango yathu, ndipo mpasa ukukwerabe mtsinje wa Bua kukaswa. Zithunzi za ukapolo zimene ana athu amaona ndi zija zojambulidwa ndi azungu a nthawi imeneyo, momwe agogo athu ndi mzere wa mitu yopanda nkhope, mzungu ndiye ali pakati. Kuti wina wa kuno ajambule mtsikana mmodzi wa pa goli, akhale ndi nkhope, ndi mphini za mtundu wake, ndi mantha akeake, ayenera kukhala pansi ndi nkhalamba za ku Linga, kufufuza mmene chombo cha Jumbe chinkamangidwira, kujambula ndi kufufuta kwa chaka kapena ziwiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndani mwa inu ogwira ndalama za chitukuko ali wokonzeka kulipira kudekha kumeneko?

Khonsolo ya boma, mabungwe ogwira ntchito kunyanja, eni malo ogona alendo ndi makampani a shuga ndi mpunga amene amadyera m'dera lino, ndikulankhula ndi inu. Wojambula muzimuitana tsiku loyamba la zokambirana, osati lomaliza. Dzina lake lilembedwe pachikuto, m'zilembo zooneka, pamwamba pa zizindikiro zanu. Mukamaliza kusindikiza mubwezereni mapepala ake, ndi ake. Mukafuna kusindikizanso, mulipireninso. Ndipo akakuuzani kuti sangajambule usodzi wa usiku asanapite nawo panyanja, musamuseke: mupatseni thiransipoti, chakudya ndi malo ogona, pa mlingo womwewo umene mumapatsa mlangizi wochokera ku Lilongwe.