Pa Galaja: Kabawuti Kakathyokera M'difu

 Sabata ino tikambirane za kachitsulo kochepa ngati pensulo, kamene kangathe kugoneka galimoto yonse pamodzi ndi katundu wake.

Lolemba lapitali kunabwera mkulu wina wa cha ku Domwe ndi galimoto yake yakale ya bokosi. Galimotoyo ndiyo imanyamula mbatata ya kachewere ya anthu a m'mudzi mwake kupita nayo ku Tete, ndipo munthu akadwala usiku ndi yomweyonso imathamangira ku chipatala ku Ulongwe. Vuto lake linali mafuta a difu amene ankadontha ku tayala lakumbuyo ndi kunyowetsa mabuleki. Kumudzi matumba anali atasokedwa kale, akungodikira m'mbali mwa msewu.

Kuti timvane bwino, ndiyambe ndafotokoza mmene m'difu mulili. Difu, imene ena amaitchula diferensiyali, ndi chimimba chija chili pakati pa matayala akumbuyo. Ntchito yake ndi kulola tayala lakunja kuzungulira msanga kuposa lam'kati galimoto ikamakhota. M'kati mwake muli timagiya tiwiri timene timazungulira pa kamtengo kachitsulo kopingasa. Kamtengo kameneka kamagwidwa ndi kabawuti kamodzi kokha, kapena kuti parafuzo monga ambiri timanenera kuno. Kabawutika kali ndi mazinga chakumutu, pamene kunsonga kwake ndi kosalala ndipo ndiko kumalowa m'bowo la kamtengo kaja.

Pa magalimoto amene difu yake ili ndi chivundikiro kumbuyo, monga Land Cruiser zambiri zakale, shafiti ya tayala imagwidwa m'kati ndi kachitsulo kooneka ngati chilembo cha C. Kuti muzule shafiti muyenera kumasula kabawuti kaja, kusolola kamtengo, kukankhira shafiti m'kati, ndipo kachitsulo ka C kamagwa kokha. Magalimoto ena monga Hilux sali chomwecho, chifukwa shafiti yake imamasulidwira ku tayala. Choncho yambani mwadziwa mtundu wa difu yanu.

Tsono titatsegula chivundikiro, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anakoka sipanala ndi mphamvu pofuna kufulumira. Tinangomva kuti thyo! Mutu wa bawuti unali m'manja, thunthu litatsalira m'bowo. Mwini galimoto anasuzumira nati, "Amisiri, poti chotsalacho chikugwirabe, ingotsekani choncho. Tidzakonza ndikabwerako ku Tete, mbatata ingandiwolere."

Ndinawakanira mwaulemu. Chidutswa chotsala chimakhala chikugwira ndi zinga limodzi kapena awiri okha. Chikasololoka galimoto ili pa liwiro, kamtengo kaja kamatuluka ndi kukamenya chimimba cha difu. Matayala akumbuyo angathe kuuma mwadzidzidzi, kapena shafiti kutuluka pamodzi ndi tayala lake. Onjezani pamenepo mabuleki onyowa ndi mafuta, katundu wodzaza, anthu atakhala pamwamba pa matumba, ndi zitsetso za msewu wotsikira ku Moatize. Mkuluyo anakhala chete, kenaka anakakhala pa mthunzi.

Nayi njira imene tinatsata, imenenso inu mungatsate.

Choyamba, galimoto ikhale pa zitsa zolimba ndipo matayala akutsogolo atsekedwe ndi miyala. Musalowe pansi pa galimoto imene yangoima pa jeke yokha. Khuthulani mafuta onse, tembenuzani difu mpaka bowo la bawuti liyang'ane kwa inu, ndipo mulitsuke ndi dizilo pang'ono ndi kulipukuta kuti muone bwino.

Chachiwiri, yesani njira zofatsa musanagwire chida chilichonse chachikulu. Kawirikawiri kabawuti aka kamathyokera pamene mazinga athera, kotero chotsalacho sichikhala cholimba kwambiri. Gwedezani kamtengo kaja uku ndi uku kuti kaleke kupana chidutswacho. Tengani sipoko ya njinga yonoledwa, muikodze m'mphepete mwa pothyokapo ndi kuzunguliza chakumanzere. Nthawi zina maginito aang'ono amachikoka mosavuta.

Chachitatu, chikakana, chifunika moto. Mabawuti otere amamangidwa ndi guluu woletsa kumasuka, ndipo guluu wolimba kwambiri amafewa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 250. Tenthani chitsulo chozungulira bowolo ndi lawi laling'ono, osati mpaka kufiira, ndipo musalozetse lawi ku mano a magiya kapena ku mabelingi. Pukutani mafuta ndi dizilo yense musanayatse, ndipo pafupi pakhale ndowa ya mchenga. Chikadali chotentha, ikani ponchi yosongoka m'mphepete mwa chidutswacho ndi kugogoda pang'onopang'ono ndi kahamala, mokankhira kumanzere. Ife apa ndi pamene tinapambanira. Titagogoda kwa nthawi, chidutswa chinasuntha pang'ono, kenaka chinayamba kuyenda, mpaka mnyamata uja anachitola ndi maginito.

Chachinayi, ngati ponchi yalephera, ndiye kubowola. Khomani kachizindikiro pakati penipeni pa chidutswacho kuti chobowolera chisaterereke ndi kuononga mazinga a difu. Pa bawuti ya mamilimita 8 yambani ndi chobowolera cha mamilimita 3, chachitali bwino chifukwa malo ake ndi opanikiza. Bowolani mwapang'onopang'ono mukudonthezera mafuta, pakuti chitsulo chake ndi cholimba. Kuli zobowolera zina zimene zimadya pozungulira chakumanzere. Zimenezi ndizo zabwino koposa, chifukwa zikaluma zimamasula chidutswacho nthawi yomweyo. Koma chenjerani ndi kachida kozulira mabawuti othyoka kamene amakalowetsa m'bowo. Kameneka ndi kouma kwambiri, ndipo kakathyokera m'katimo chobowolera wamba sichingakadye. Mukaona kuti kakupindika, lekani msanga.

Amisiri ena zonse zikakanika amamenya kamtengo kaja ndi nyundo yaikulu kuti kadule chidutswacho. Njira imeneyi ndi yotsiriza ndithu. Ingathe kuphwanya mabelingi kapena kung'amba nyumba ya timagiya, ndipo kamtengoko simungakabwezerenso. Ngati mulibe zida zoyenera, kuli bwino kufunsa galaja ina kusiyana ndi kuphwanya. Paja safunsa anadya phula.

Chidutswa chikatuluka, ntchito siinathe. Tsukani m'difu monse kuti musatsale tizitsulo, chifukwa timeneti timadya mano a magiya. Yang'anani kamtengo kaja. Ngati kadyeka kapena bowo lake lakula, kasintheni, popeza kugwedera kwake ndiko kumatopetsa kabawuti mpaka kuthyoka. Ikani bawuti yatsopano yopangidwira ntchito imeneyi. Msomali, waya kapena bawuti yotola pa msika zisalowemo, ndipo yakale, ngakhale itatuluka yamphumphu, musaibwezere. Pakani kadontho ka guluu wa mabawuti, mangani mokwanira popanda kuonjezera paipi ku sipanala, ndipo thirani mafuta a magiya atsopano a nambala 90 mpaka afike pa bowo lothirira.

Ife bawuti yatsopano inalibe pa galaja. Tinatuma dalaivala wa chapa kuti akatigulire ku Tete, ndipo inafika mawa lake madzulo. Tinasintha silo imene inkadontha, tinaika mabuleki ena, galimoto inanyamuka Lachitatu m'mamawa. Mkulu uja anadandaula za masiku awiri amene anataya, ndipo sindikumunena, chifukwa eni mbatata ankamuyang'ana iyeyo. Koma katundu anakafika, anthunso anabwerako onse.

Mnyamata wanga ndinamukhazika pansi. Ndinati, "Iwe, tsiku lina usanamasule kabawuti aka, uyambe wagogoda mutu wake, utenthe pang'ono, ndipo ugwiritse sipanala ya bokosi ya ngodya 6 yokwana bwino. Ukamva kuti kakulimba, bwerera pang'ono ndi kuyambanso." Nthawi zina kamakhala katathyoka kale galimoto ikuyenda, ndipo apo mmisiri alibe mlandu. Koma nthawi zambiri chimathyola ndi phuma. Kuthamanga sikufika.

Inu eni magalimoto, mukamva kugogoda kumbuyo ponyamuka kapena pokhota, kapena mukaona mafuta akuda m'kati mwa tayala, musadikire nyengo yokolola. Kaonetseni galimoto katundu asanasokedwe, ndipo ngati difu yanu ndi ya mtundu umenewu, gulirani kabawutika kukhala nako m'galimoto. Sabata yamawa tidzakamba za masipuling'i othyoka ndi katundu wopitirira muyeso. Tsalani bwino.