Mfundo zikudya zingwe ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Chingwe cha pangolo chikaduka panjira ya ku Mkaika, mnyamata woyendetsa ng'ombe sachedwa: amamanga mfundo, ulendo n'kupitirira. Pofika nthawi yotuta chimanga, chingwecho chimakhala mfundo zokhazokha, ndipo chimadukanso pomwepo. Opanga zingwe amachenjeza kuti mfundo imatha kudya mpaka theka la mphamvu ya chingwe chifukwa imachipinda kwambiri. Kulumikiza molukanitsa kumasunga pafupifupi mphamvu yonse.

Luso limeneli silifuna makina. Chingwe chopota cha nkhosi zitatu amachimasula kumapeto onse awiri, n'kulowetsana nkhosizo ngati zala za manja awiri. Kenako amatsegula mpata ndi kamtengo kosongola kapena msomali waukulu, nkhosi iliyonse n'kuidutsitsa pamwamba pa imodzi ndi pansi pa yotsatira. Pa khonje katatu n'kokwanira. Nayiloni ndi woterera, amafuna kasanu, ndipo nsonga zake amaziwaula pamoto kuti zisayoyoke. Akatha amachipondaponda pansi kuti chikhazikike. Pamalopo pamanenepa pang'ono, choncho wotunga pachitsime cha kawilo ayambe wayesa ngati padutsa.

Chingwe choluka chokhala ndi mphako mkati chili ndi njira yake: nsonga imodzi amaikokera m'mimba mwa inzake ndi waya wopinda pawiri. Chikakokedwa, chimadzifinya chokha.

Agogo a m'maboma atatuwa ankasenda luzi la mombo, ankapala khonje wa kumpanda n'kumupota pantchafu. Khonjeyo ndi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo Richard Hindorf ndiye anamufikitsa ku Tanganyika mu 1893. Koma manja a kuno anamuzolowera msanga. Lero wofuna chingwe amagula nayiloni pamsika wa Katete kapena wa Sinda m'mbali mwa Great East Road, apo ayi amasula thumba la feteleza. Ena amafika popota neti yomwe analandira kuti iwateteze ku udzudzu, zomwe n'zomvetsa chisoni kudera komwe malungo sanathe.

Vubwi ndi Sinda anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo mu 2022 ndalama za chitukuko cha madera za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, gawo lina likupita kumaphunziro a ntchito zamanja. Achinyamata akuphunzira ukalipentala, kuwotcherera zitsulo ndi kusoka. Zonsezi n'zabwino. Koma kulumikiza chingwe sikufuna koleji. Masana amodzi pansi pa mtengo akwana.

Alangizi a zaulimi amasonkhanitsa kale alimi pa masiku achionetsero. Aitane mkulu wa m'mudzimo amene akudziwabe kupota, alimi abwere ndi zingwe zawo zoduka, ndipo aliyense abwerere kwawo atalumikiza chimodzi ndi manja ake.