Kuchiritsa Chilwa Kuyambire Kumtunda

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho zonse zimene mtsinje wa Likangala watola podutsa mumzinda wa Zomba, zonyansa za m'zimbudzi ndi dothi lokokoloka m'minda, zimakakhazikika momwemo. Inaphwa mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mabwato anatsakamira pamatope ong'ambika ku Kachulu. Ine ndikuti ntchito yoichiritsa iyambire kumtunda: tibwezeretse mitengo m'mbali mwa mitsinje ya Domasi, Thondwe ndi Phalombe, tileke kulima mpaka m'gombe mwenimweni. Njedza nazo tisamazitenthe chisawawa, pakuti ndizo zimasefa madzi, ndipo m'menemo ndi momwe matemba ndi milamba zimabisala, mbalame zam'madzi n'kumanga zisa. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba toyandama panyanjapo, amamwa madzi omwewo, ndipo kolera ikabuka sichedwa kuwagwira.