ZA KUMALIRE: Musataye makadi akale

Anzanga a ku Cassacatiza ndi midzi yozungulira, sabata ino tiyeni titsegule masutikesi a makolo athu. Pansi pa zitupa ndi malisiti a msonkho nthawi zina mumapezeka timakadi ta zithunzi timene anthu ankatumizirana pa positi, popanda envulopu. Ndiwo mapositikhadi. Ambiri amaonetsa nyumba za boma: ofesi ya bwanamkubwa, khoti, positi kapena linga la asilikali.

Kodi mukudziwa kuti kumaiko akunja kuli anthu amene amasonkhanitsa makadi otere ndi kuwagula? Amafuna a linga la São Tiago Maior ku Tete. Amafuna a Fort Jameson, lero Chipata, limene linali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Amafunanso a ku Zomba, likulu la Malawi mpaka 1975. José dos Santos Rufino wa ku Lourenço Marques, lero Maputo, anasindikiza makadi ambiri, ndipo mu 1929 anatulutsa mabuku khumi a zithunzi za Mozambique.

Ife tisathamangire kugulitsa. Nkhondo imene inatha mu 1992 inagumula maofesi ambiri m'maboma a Tete, mapepala n'kupsa. Anthu pothawira ku Zambia ndi ku Malawi anasiya katundu m'mbuyo. Choncho khadi limodzi lopulumuka lingakhale mboni yokhayo ya nyumba imene kulibenso.

Komatu khadi silinena zonse. Limaonetsa khoma loyera ndi mbendera, osaonetsa amene anaumba njerwa pa chibalo, kapena amene anatupa manja ndi mbalamatodya chifukwa cha msonkho. Zimenezo amadziwa ndi agogo, ndipo agogowo akutha.

Tsono chitani izi. Tengani khadilo, mukhale pansi ndi akuluakulu, muwafunse: nyumba iyi inali kuti? Ankalowamo ndani? Anamanga ndani? Lembani mayankho m'kope, osati pa khadipo. Kumbuyo kwake onani sitampa ndi chidindo cha positi, pakuti ndipo pali tsiku ndi malo. Lisungeni pouma, kutali ndi chiswe, mphemvu ndi utsi. Mwana amene ali ndi foni alijambule mbali zonse ziwiri, aphunzitsi akaonetse ana kusukulu.

Mawu a akulu akoma akagonera. Ndalama ya khadi idzatha pa msika tsiku lomwelo, koma adzukulu akadzafunsa za kale, tidzawaonetsa chiyani?