Chimfine cha galu sichofunika kuchipeputsa

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, fumbi ku Mwanza limangoti koboo. Magalimoto akuluakulu opita ku Zobue ndi Tete amalitukula m'mbali mwa msewu wa M6, uku utsi wa tchire lotenthedwa ndi osaka mbewa uli paliponse. Agalu ambiri amayetsemula nyengo imeneyi, ndipo eni ake amangoti ndi kachimfine chabe.

Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Fumbi, utsi kapena kanjere ka udzu kakalowa m'mphuno, galu amayetsemula koma amadya bwinobwino, ndipo mamina ake amakhala amadzimadzi.

Nkhani imasintha mamina akakhala olimba ndi achikasu, maso akadzaza manthongo, galu n'kumatsokomola, kukana chakudya ndi kutsekula m'mimba. Izi ndi zizindikiro za distemper, nthenda ya vairasi imene imafala agalu akamanunkhizana kapena kudyera pamodzi, monga amachitira polimbirana makombo kumsika ndi kuseri kwa malesitilanti a pachipata. Tiana ta agalu ndito timafa kwambiri. Nthendayi ikafika ku ubongo, galu amanjenjemera, kugwa ngati wakhunyu ndi kuchucha dovu, mpaka anthu kumuganizira chiwewe.

Ambiri amaganiza kuti galu akabayidwa kamodzi ndiye kuti watetezedwa ku zonse. Si choncho. Katemera wa chiwewe, monga amene bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu ku Blantyre mu 2015, sateteza ku distemper. Nthendayi ili ndi katemera wakewake, amene amayamba kamwana kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, kenaka n'kubwereza. Alangizi a ziweto ayenera kumanena izi momveka tsiku lobaya agalu, pomwe eni ake asonkhana kale.

Nawo eni agalu asiye kuwamwetsa mankhwala a anthu. Brufen amaononga m'mimba ndi impso za galu, pomwe Panado akachuluka amaononga chiwindi. Chanzeru ndi kumupatula galu wodwalayo kwa anzake ndi kuthamangira ku ofesi ya za ziweto. Akayamba dovu kapena kusintha khalidwe, ana asamuyandikire. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Galu amene amalondera nyumba, khola la mbuzi ndi munda wa manachesi usiku wonse sayenera kufera pakhonde anthu akungoti ndi chimfine.